Makalata Amene Thuwaiba Sanalembe

Tsiku limene anaika maliro a mwamuna wake Hatibu, apongozi ake a Thuwaiba anamuitanira kuchipinda n'kumuuza mawu ochepa koma olemera. Anati eda, nthawi yolira mwamuna, ndi miyezi inayi ndi masiku khumi. Nthawi yonseyo, malinga ndi mmene banja lawo linkasungira mwambowo, mkazi wamasiye satuluka kunja kwa mpanda, sadzola zonunkhira, savala zowala, ndipo sacheza ndi mwamuna aliyense. Akasunga zimenezi bwinobwino, adzakhalabe m'nyumba ya ku Matero n'kumalera yekha mwana wake Jannat. Akapanda kusunga, akuchimuna adzaona chochita ndi mwanayo.

Thuwaiba anangogwedeza mutu. Ankadziwa chimene chinachititsa kuti mawuwo atuluke chonchi. Iye sanabadwire m'Chisilamu. Anabadwa ali Maud, mwana wa mkulu wa mpingo ku Katete, ndipo dzina la Thuwaiba analitenga pokwatiwa ndi Hatibu, telala wa pamsika wa Matero amene makolo ake anachokera ku Mangochi, ku Malawi, kalekale. Zaka zisanu ndi zinayi anaswali mapemphero onse, anasala kudya mwezi wa Ramadhani, anaphunzira zonse zimene anamuphunzitsa, komabe akuchimuna ankamuonabe ngati mlendo amene chikwama chake chikadali pakhomo. Kwawo ku Katete nako anamutaya tsiku lomwe anavala mpango. Choncho padziko lonse lapansi, munthu amene Thuwaiba akanati ndi wake analipo mmodzi yekha, wa zaka zisanu ndi chimodzi, wopanda mano awiri akutsogolo.

Eda anaigwira ndi manja awiri. Masiku makumi anayi atakwana, apongozi anabwerera ku Chazanga kumene ankakhala ndi mwana wawo wamkazi Chiku, koma Thuwaiba sanafewetse kanthu ngakhale panalibe womuyang'anira. Galasi analitembenuzira kukhoma. Wogulitsa makala akagogoda pageti, iye ankangoti zii mpaka munthuyo atopa. Kusukulu Jannat ankamuperekeza Emelda, mayi woyandikana nawo nyumba amene ankagulitsa salaula, zovala za kaunjika, pamsika.

Chovuta chinali chakudya. Anthu a pamaliro amabwera ndi ufa milungu iwiri yoyamba, kenako amakumbukira kuti kwawonso kuli ana. Pofika kumapeto kwa mwezi wachitatu, thumba la ufa linali litagona pansi, ndipo Jannat anali atayamba kufunsa chifukwa chake tiyi wa masiku ano sakoma. Emelda, amene maso ake sankaphonya kanthu m'khitchini ya munthu, anaona zonsezi.

"Bamake Jannat, muzafa na njala mashini ili apa?" anatero tsiku lina Lachinayi masana, akuloza makina osokera a malemu. "Imwe muziba kusoka. Manje vinthu vonse vili pa foni. Tiike vithunzi va madilesi, bantu bazayamba kuoda, ine nizayamba kupeleka. Simuzachoka na panja."

"Ba Emelda, muziba kuti siningakambe na bamuna."

"Nanga ni ndani wakamba va bamuna? Madilesi bavala ni bazimai."

Tinene zoona, Emelda analibe mtima woipa. Anali wa anthu aja amene amathandiza mothamanga, n'kuganiza pambuyo. Iye mwini ankagulitsa zovala zake pa tsamba lina la macheza la pa intaneti, ndipo zinkamuyendera. Kafoni ka Thuwaiba kanali kamabatani, kosatha kujambula, choncho Thuwaiba anatulutsa foni ya Hatibu m'kabati mmene inagona chimwalirireni mwini wake.

Foni imeneyo sinali foni wamba. Hatibu anali mlembi wa komiti ya mzikiti kwa zaka zisanu ndi zitatu, ndipo m'menemo munali manambala ndi maimelo a amuna onse a mumzikitimo, kuyambira ashehe, amalonda a ku Kamwala, mpaka akuluakulu amene ankathandiza pomanga madrasa. Munalinso makasitomala ake a masuti ndi mayunifolomu. Anthuwo anapereka maadiresi awo kwa Hatibu chifukwa ankamudziwa kuti ndi munthu wosunga chinsinsi, ndipo iye ngakhale mwana wake sankamulola kuseweretsa foniyo.

Emelda anayamba kumutsegulira akaunti pa tsamba lija. Tsambalo linafunsa dzina, Emelda analemba. Linafunsa imelo, anaika ya Hatibu yomwe inali kale m'foni. Linafunsa chithunzi, Emelda anafufuza n'kusankha cha tsiku la Idi chaka chatha, Thuwaiba atavala diresi ya golide, atapaka wanja wakuda m'zikope, akuseka mano onse panja.

"Icho iyai, nioneka monga nili pa ukwati," anatero Thuwaiba.

"Ndiye chabwino. Dilesi munasoka mweka, bantu baone nchito yanu."

Kenako panabwera timabokosi ta mawu a Chingerezi ang'onoang'ono ngati nyerere. Thuwaiba anafunsa kuti akuti chiyani. Emelda anaseka n'kunena kuti, "Ivi sitibelenga, tidina chabe." Anadina kamodzi, kawiri, katatu. Kabokosi kachitatuko kankapempha chilolezo choti tsambalo lione maina onse a m'foni ndi kuwaitana, koma awiriwa anali atayamba kale kukambirana za nsalu yoti agule Lolemba.

Tsiku lotsatira linali Lachisanu. Swala ya masana itatha, amuna anatuluka mumzikiti, aliyense akufunafuna nsapato zake uku akuyatsa foni. Woyamba anayang'ana n'kubisa msanga m'thumba. Wachiwiri anagunda mnzake ndi chigongono. Pasanathe mphindi khumi, pakhonde lonse anthu ankayang'ana chinthu chimodzi. Inali kalata yaifupi ya pa imelo. Pamwamba panali dzina la Thuwaiba ndi nkhope yake yoseka ija, pansi pake mawu akuti Thuwaiba akukuitanani kuti muzicheza naye, dinani apa. Aliyense inamufikira ndi dzina lakelake, ngati yolembera iye yekha. Anthu mazana awiri ndi khumi ndi anayi anailandira, ashehe omwe.

Thuwaiba sanadziwe kanthu mpaka Loweruka m'mawa pamene kunabwera Muzammil, mkulu wake wa Hatibu, amene ankagwira ntchito ya ukalaliki pakampani ina ya magalimoto onyamula katundu. Monga mwa mwambo, sanalowe. Anaima kunja kwa chitseko, katani ili pakati pawo, n'kukankhira foni yake pansi pa kataniyo.

"Mulamu, onani ivo," anatero ndi mawu otsika.

Thuwaiba anatola foniyo. Anaona nkhope yake ikumusekerera. Anawerenga kawiri, kenako anakhala pansi pomwepo.

"Ba mulamu, ine sininalembe ivi. Nilumbila, sininatumile muntu aliyense."

"Manje ni ndani? Vafika kuli bonse. Na bashehe balandila."

Anafotokoza zonse, za ufa, za Emelda, za timabokosi. Muzammil anamvetsera osamudula. Atamaliza, iye anapuma mozama n'kunena kuti achitseke chinthucho lero lomwe, nkhani isanafike ku Chazanga. Koma nkhani yotere siidikira minibasi, inali itafika kale dzulo lake.

Emelda atamva analira kuposa mwini nkhani. Anatenga foniyo, anakwera minibasi kupita m'tauni kwa okonza mafoni, ndipo kumeneko anamutsekera akaunti ija n'kumutsimikizira kuti zatha. Anabwerera akupepesa njira yonse. Thuwaiba anagona masiku asanu ndi limodzi akudziuza kuti mwina anthu aiwala.

Lachisanu lotsatira kalata yachiwiri inafika kwa anthu omwewo. Iyi inkati Thuwaiba akudikirabe yankho lanu.

Apa ndi pamene munthu umapsa mtima ngakhale nkhani si yako. Akaunti inali itatsekedwa, koma maadiresi aja tsambalo linali litawameza kale, ndipo linkawagwiritsa ntchito mmene likufunira. Kwinakwake kutali, anthu ovala bwino anakhala pansi n'kugwirizana kuti munthu akapanda kuyankha kalata yoyamba, azimukumbutsa m'dzina la yemwe sanamulembere. Anthu amenewo sanamvepo za eda, Matero sakuidziwa, ndipo sadzaidziwa. Emelda anawalembera kalata yodandaula mothandizidwa ndi wokonza mafoni uja. Yankho linabwera pasanathe mphindi imodzi, lopanda dzina la munthu, lothokoza kwambiri chifukwa chowalembera.

Tsopano nkhani inali m'kamwam'kamwa. Akazi a amuna aja ndiwo anaipsereza. Wina anati mwamuna wake anaibisa kalatayo masiku atatu, ndiye kuti pali chimene akudziwana. Wina anati anthu olowa chipembedzo chifukwa cha ukwati amatero, mwamuna akangotseka maso amavula zonse. Amayi amene kale ankabwera kudzakhala naye masana analeka kubwera. Ndipo ngati kuti zimenezo zinali zochepa, Lamlungu kunatulukira Whyson, dalaivala wina amene Hatibu anamusokerapo suti. Iyeyu kalata anaimva mmene mtima wake unafunira. Anafika atadzithira mafuta onunkhira mpaka msewu wonse, nkhuku yamoyo kukhwapa, n'kuima pageti akuitana dzina la Thuwaiba mokoma. Thuwaiba anadzitsekera kuchipinda, atatseka makutu a Jannat ndi manja ake. Whyson anaima pamenepo pafupifupi theka la ola, nthawi yokwanira kuti aliyense wa mumsewumo amuone bwinobwino.

Lachiwiri apongozi anabwera ndi Chiku ndi Muzammil. Amayi awiriwo anakhala pamkeka m'chipinda chochezera, Muzammil anakhala pampando pakhonde, chitseko chili chotsegula pang'ono kuti azimva. Emelda anapempha kuti ayankhule, ndipo anagwada n'kunena kuti mlandu wonse ndi wake, ndiye anadina, bamake Jannat sanadziwe chilichonse.

Apongozi anamuyang'ana mpaka anamaliza, kenako anatembenukira kwa mpongozi wawo. Iwo ankayankhula Chichewa cha kwawo, chosathamanga.

"Ine za mafoni sindizidziwa," anatero. "Ndifunsa zimene ndikuzidziwa. Foni ya mwana wanga anaitulutsa m'kabati ndani?"

"Ndine, amayi."

"Maina a anthu a mumzikiti, amene malemu anawasunga zaka zonsezi, anawapereka m'manja mwa munthu wakunja ndani?"

"Ndine, amayi. Koma sindimadziwa kuti..."

"Chithunzi chija mwavala golide, munachiona asanachiike?"

"Ndinachiona."

"Basi. Ine ndakalamba, koma sindinaonepo kalata yodzilemba yokha, n'kudzilembanso kachiwiri."

Thuwaiba anayang'ana kuchitseko. Munthu mmodzi yekha pamenepo ankagwira makompyuta tsiku ndi tsiku, ndipo mawu ake akanamveka. "Ba mulamu," anatero, "imwe musebenza pa ofesi. Muziba mwamene vichitikila ivi. Bauzeni amai."

Kenako Muzammil anayankha, mawu ake ngati a munthu wotopa.

"Niziba, mulamu. Ivi vimazituma veka, naine vinanichitikilapo ku nchito. Nakambako kuli amai, nakambako na kuli bashehe. Manje bantu ni thu handiredi. Nizayenda nyumba na nyumba? Bena bakamba ati nimiteteza chifukwa nimifuna ine."

Mawu amenewo ndi amene anamutha mphamvu Thuwaiba. Akanakhala kuti onse sakumukhulupirira, akanalimbikira kufotokoza mpaka mawu atasasa. Koma apa panali munthu wodziwa kuti iye ndi wosalakwa, ndipo kudziwako sikunasinthe kanthu.

Apongozi anagamula mwachidule. Anati mwana sangakhale panyumba pamene amuna akuima pageti ndi nkhuku. Jannat apita ku Chazanga kwa azakhali ake mpaka eda ithe, kenako banja lidzakhala pansi n'kuona. Kunali kutatsala masiku khumi ndi asanu ndi awiri.

Chiku analowa kuchipinda n'kuyamba kuika zovala za mwana m'chikwama. Jannat, amene ankaganiza kuti ndi ulendo wokacheza, anafunsa ngati amayi ake akubwera nawo. Thuwaiba anati abwera posachedwa. Anamumanga tsitsi, anamupukuta kumaso ndi nsonga ya mpango, ndipo anayenda naye atamugwira dzanja mpaka pageti. Pamenepo mwanayo anatuluka, dzanja linatsala m'manja mwa mayi ake, wina kunja wina mkati.

"Amami, tiyeni," anatero Jannat akukoka.

Thuwaiba anayang'ana msewu. Makatani a nyumba zoyandikana ankagwedezeka. Anadziwa kuti akangoponda kunja kwa geti, ndiye kuti eda waiphwanya pamaso pa apongozi ndi pamaso pa Matero yense, ndipo zonse zimene ankamunenera zikhala zoona. Akatsala mkati, mwina akadali ndi mawu oti adzanene pa tsiku lokambirana. Anatsegula zala zake chimodzichimodzi. Jannat anayamba kulira atafika pakona, ndipo kulirako kunamveka mpaka minibasi inanyamuka.

Masiku khumi ndi asanu ndi awiri amenewo Thuwaiba anawasunga kuposa onse a m'mbuyo. Muzammil anali atatenga foni ya malemu. Emelda ankasiya chakudya pakhomo n'kubwerera, chifukwa apongozi analamula kuti asalowenso. M'nyumba munali zii, moti Thuwaiba ankamva mpope wa kwa aneba ukudontha. Ankaswali, ankachapa zovala zochapa kale, ankakhala pakama wa mwana akukonza m'mutu mawu amene adzanene. Kawiri anaimba foni ya Chiku ndi kafoni kake kamabatani. Ulendo woyamba anamuuza kuti mwana akusewera panja. Ulendo wachiwiri foni inangolira osayankhidwa. Anali ndi mantha amene sanathe kuwatchula ngakhale poswali, koma ankadzilimbitsa mtima kuti munthu amene wasunga lamulo mpaka tsiku lomaliza sangamuchite choipa. Lachisanu lina m'masiku omwewo kalata yachitatu inapitanso kwa anthu, yonena kuti uwu ndi mwayi wawo womaliza. Emelda anamva pamsika, koma sanamuuze.

Eda inatha Loweruka lina m'mwezi wa Juni, kukuzizira kwambiri. Thuwaiba anasamba, anavala diresi yakuda bii kuti pasapezeke wonena kanthu, ndipo anatenga juzi ya Jannat imene Chiku anaiiwala pachingwe. Kwa nthawi yoyamba m'miyezi inayi ndi masiku khumi anatuluka pageti. Msewu unamuchititsa chizungulire. Anakwera minibasi mpaka m'tauni, n'kukweranso ina ya ku Chazanga, juzi ili pamiyendo. Njira yonse ankabwereza mawu ake aja, oti ayambe ndi kupepesa, asakweze mawu, asatchule Emelda.

Anapeza Chiku akusesa pakhonde. Atamuona anaimika tsache, koma sanamupatse mpando.

"Mwauka bwanji, ba mulamu," anatero Thuwaiba. "Nasiliza eda. Nabwela kuona amai na mwana."

"Amai kulibe."

"Bapita ku maliketi? Ningayembekeze."

Chiku anayang'ana pansi. Sanali munthu wankhanza, ndipo zinkaoneka kuti akanakonda kuti wonena mawuwa akhale wina. "Banayenda ku Malawi pa Chibili. Na Jannat. Bakamba ati azaphunzila kwamene kuja, kuli bantu bamene sibanamvele nkhani."

Thuwaiba anamva mawuwo bwinobwino, koma mutu unakana kuwalandira. Anayang'ana m'nyumba kudzera pachitseko, ngati kuti mwanayo atulukira kuseri kwa kabati. Munalibe nsapato zazing'ono pakhomo, munalibe chikwama cha sukulu.

"Koma munakamba kuti tizankala pansi. Nasunga masiku yonse. Sininachoke na kamozi."

"Tiziba kuti munasunga."

"Manje chifukwa chani?"

"Amai banaona kuti ni bwino so."

Ku Mangochi Thuwaiba anali asanapiteko. Hatibu ankangolonjeza chaka ndi chaka kuti adzapita onse. Dzina la mudzi analimvapo kamodzi kapena kawiri, koma tsopano linamuthawa, ndipo pasipoti analibe. Anaona kuti dziko limene mwana wake wapita ndi lalikulu, ndipo iye sadziwa ngakhale poyambira kufunsa. Anagwada pasimenti yozizira, iye amene anakonzekera kuyankhula modekha, n'kugwira mwendo wa mlamu wake.

"Nipaseniko chabe namba. Ya amai, olo ya aliyense wa kuja. Sinizavuta. Nifuna chabe nimvele mau yake, nimuuze kuti sininamutaye."

Chiku anachotsa mwendo wake pang'onopang'ono. Maso ake anali ofiira.

"Banatikaniza, mulamu. Bonse ba m'banja banagwilizana. Namba ya muntu aliyense sitingamipaseni futi. Taona mwamene mumasungila."

Thuwaiba anatambasula juzi ija kuti mwina aitumize, poti kukuzizira. Chiku anati sakudziwa kuti kudzapita liti munthu, ndipo kumeneko n'kotentha, mwana saifuna. Kenako analowa m'nyumba n'kutseka chitseko mwaulemu, osachimenyetsa.